Lendi ya malemu nyaThole

Jemima Nkhoma sanabwere pa boma la Lundazi kudzakhala. Anabwera ndi mayi ake odwala chifuwa, atanyamula kapoto, bulangete ndi ufa wa masiku ochepa, akuganiza kuti akalandira mankhwala abwerera kwawo kwa Mwase kukapalira chimanga. Papita tsopano zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo akadali pabomapo.

Kwa Mwase anakwatiwa akadali mtsikana ndi Esau, mlimi wa fodya, napita kukakhala kumudzi kwa mwamunayo. Ntchito ya fodya anaidziwa yonse, kuyambira kuthirira nazale m'dambo mpaka kusoka masamba m'chigafa, zala zitada bii. Anabereka mwana mmodzi wamwamuna amene anamwalira asanayambe kuyenda, ndipo mimba ina sinabwerenso. Esau anatenga mkazi wachiwiri, kenako wachitatu. Ndewu panalibe. Jemima anangoona kuti fodya akagulitsidwa, chitenje chake chinkabwera chomalizira, ndipo chaka china sichinabwere n'komwe. Anamanga katundu wake nabwerera kwa mayi ake, ndipo palibe anamutsatira kudzamunyengerera.

Mayi akewo anagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri. Jemima ankagona m'chisakasa cha odikirira odwala pamodzi ndi amayi ena ochokera kutali, aliyense ndi mafuwa ake. Ufa unatha, ndalama zinatha, nayamba kuchapira anzake zovala kuti amugawireko ndiwo. Kumeneko n'kumene anaonana ndi Miriam Thole, amene ankabwera Lachinayi lililonse ndi amayi a mpingo kudzaona odwala. Miriam anali Mngoni wa kwa Magodi, wamtali, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, telala wodziwika pa boma. Mwamuna wake anali mlonda wa nyama ku Lukusuzi ndipo anamwalira kalekale; ana ake awiri nawonso anali atatsogola. Anthu ankamuitana nyaThole, monga aitanirana kuno, ndipo iye sanachedwe kuyamba kuitana Jemima kuti nyaNkhoma.

Tsiku limene mayi a Jemima anamwalira kunali mvula yosakata. Miriam anapeza Jemima atakhala pakhomo la chisakasa, miyendo ili pamvula.

"NyaNkhoma, pano simugona," anatero. "Tiyeni kwanga. Abale anu akabwera ndi galimoto adzakupezani kumeneko."

Maliro atatha kwa Mwase, Jemima anapeza kuti munda wa mayi ake walimidwa kale ndi ana a mkulu wake, ndipo nyumba yagwa mbali imodzi. Anakwera minibasi kubwerera pa boma kuti akabweze ambulera ndi chitenje chakuda zimene Miriam anamubwereka. Unali mwezi wa Januwale, sukulu zili pafupi kutsegulidwa, ndipo anapeza Miriam atazunguliridwa ndi mulu wa mayunifolomu pakhonde.

"Mabatani mumatha kusoka?" anafunsa Miriam osakweza mutu.

"Ndimatha."

"Khalani apo."

Anakhala, ndipo nkhani yobwerera kwa Mwase sinakambidwenso.

Miriam ankakhala m'nyumba za kumizere. Nyumbazi linamanga ndi bungwe lina la mipingo, kuti muzikhala amayi amasiye, okalamba ndi olumala amene alibe kolowera. Zinandandalikana m'mizere, n'chifukwa chake anthu anazitcha dzinalo. Zambiri ndi za zipinda ziwiri, denga la malata, mpopi umodzi pa mzere uliwonse. Lendi yake ndi yochepa, munthu wogulitsa tomato amatha kuikwanitsa, koma imafunika mwezi ndi mwezi, ndipo bungwelo lili ndi kaofesi kake ndi komiti yoyang'anira. Nyumba inalembedwa dzina la Miriam kuyambira pamene analowamo. Jemima ankadziwa zimenezi, koma sanaone chovuta chilichonse.

Ntchito anagawana popanda kukhalirana pansi. Miriam ankayeza, kudula ndi kupalasa makina. Jemima ankasoka mabatani, kupinda m'mphepete, kusita ndi simbi ya makala, ndi kusenza mitolo kukapereka kusukulu. Dzinja likafika ankabwereka kamunda kunja kwa boma n'kulima mtedza. Ndalama zonse zinkalowa m'thumba limodzi, ndipo mwezi ukatha Miriam ndiye ankapita ku ofesi kukalipira lendi, chifukwa ankakonda kukacheza. Makina akale atafa, anagula ena opalasa ndi mapazi, chaka chimene mtedza wa Jemima unabereka bwino. Palibe anawerengera kuti uyu waikapo zingati, uyu zingati.

Kukangana ankakangana ndithu. Miriam ankathira mchere wambiri m'ndiwo, ankayankhira mnzake mafunso, ndipo ankakongoza anthu amene aliyense ankadziwa kuti sabweza. Jemima akakwiya ankangokhala chete masiku awiri, zomwe zinkamupsetsa mtima Miriam kuposa kutukwanidwa. Alendo akafunsa ngati ali pachibale, Miriam ankati, "Uyu ndinamutola kuchipatala," n'kuseka mpaka kutsokomola.

Matenda a shuga anamupeza Miriam atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Anayenda nawo zaka zingapo, mpaka pamene chilonda chinabuka pa phazi lakumanja n'kukana kupola. Phazi limenelo ndi limene linkapalasa makina. Jemima anayesa kukhala pampando wa mnzake, koma mizere inkatuluka yokhotakhota, ndipo aphunzitsi anapereka maoda awo kwa matelala ena. Ndalama zimene zinalipo zinathera mankhwala, mabandeji ndi maulendo awiri a ku Chipata. Lendi inaima. A ku ofesi ankadziwa za matendawo ndipo sanavutitse munthu, koma ngongole inkakulabe mwezi uliwonse. Miriam anamwalira mu Juni, kukuzizira, ali m'nyumba momwemo.

Bornwell, mwana wa mlongo wake wa Miriam, amene ankatcha malemuyo ankhazi, ndiko kuti azakhali, anabwera ndi bokosi pa galimoto ya kanta kudzatenga thupi. Jemima ndi amayi a mpingo ndiwo anasambitsa malemu. Kwa Magodi analandiridwa bwino, anapatsidwa madzi ndi mphasa, koma atalowa m'nyumba ya siwa anaona kuti pafupi ndi bokosi pakhala abale okhaokha, ndipo anakakhala ndi amayi a mpingo kukhomo. Ataika maliro, a pabanja anakhala paokha kukambirana za katundu. Iye anakwera kanta ija kubwerera pa boma, nakatsegula nyumba yekha.

Patapita masabata angapo Bornwell anabwera pa njinga. Anali bambo wa zaka za m'ma makumi anayi, mlimi wa chimanga ndi soya, wofatsa pakamwa. A pabanja anamusankha kukhala woyang'anira chuma chamasiye, ndipo khoti linamupatsa pepala lake.

"Odi kuno!"

"Odini, adada. Monire."

"Yewo, amama. Muli uli?"

"Tili makora."

Anakhala pa mpando wa Miriam, chipewa chili pabondo. Anali atadzera ku ofesi kukapempha kuti nyumba ilembedwe dzina lake, kuti ana ake a kusekondale azigonamo. Anamukanira, n'kumuuzanso za ngongole ya lendi.

"Amama, ine ndilankhula mosabisa," anatero. "Pa maliro a ankhazi ndagulitsa ng'ombe. Bokosi, galimoto, chakudya cha anthu onse aja, zonse ndi ine. Lero ku ofesi akundionetsa ngongole. Ankhazi anali gone pamphasa miyezi yonseyi. Amene munali ndi miyendo ndinu, amene mukugonamo mpaka lero ndinu. Wogona m'nyumba ndiye amalipira. Kapena ndikunama?"

Mumtima Jemima ankaona ngati mwina Bornwell akunena zoona. Anadyadi m'nyumbamo, anagonamo zaka zonsezi, ndipo sanathe kupalasa makina pamene kunafunika kutero.

"Loweruka ndibwera ndi adada kudzatenga katundu," anatero Bornwell podzuka. "Mukhale mutaganiza."

M'mawa mwake Jemima anavala chitenje chake cha kutchalitchi napita ku ofesi. Zaka zonsezi anali asanalowemo. Akaperekeza Miriam ankatsala pakhonde. Anapeza mtsikana wotchedwa Taizya, wochokera kumpoto, amene Chitumbuka sankachidziwa ndipo ankalankhula Chinyanja cha m'tauni.

"Bwelani, amama, khalani. Dzina lanu?"

"Jemima Nkhoma. Ndachokera ku nyumba ya malemu nyaThole."

"Pepani na malilo. Koma nyumba ija ili m'dzina la a Miriam Thole okha. Imwe ndimwe ndani wao? Mng'ono wao?"

"Ayi."

"Mlamu?"

"Ayi."

"Wanchito?"

"Ayi, mama. Tinkangokhala limodzi. Tinkadya mbale imodzi."

Taizya anaika cholembera pansi n'kumuyang'ana bwinobwino. Kenako anafunsa chimene chamubweretsa, ndipo Jemima anafotokoza mawu a Bornwell monga anawamvera.

"Mvelani, amama," anatero Taizya. "Nkhongole ya lendi siyenda m'magazi, ndiponso sigwela munthu chifukwa anali kudya m'nyumbamo. Ni ya munthu amene anasaina. Si yanu. Si ya a Bornwell ya m'thumba mwao. Popeza mwine wake anamwalila, ilipilidwa kuchokela pa zimene anasiya, abale asanagawane. Nchito ya a Bornwell ni imeneyo. Dzulo ninawauza."

"Anakuuzani kuti amva?"

"Anangovala chipewa."

Jemima anapuma pang'ono, koma Taizya anali asanathe.

"Pali chinanso. Kuchokela pa malilo nyumba ikali kuwelenga lendi, chifukwa makiyi sanabwele kuno. Miyezi imeneyo komiti idzafunsa kuti anali kugonamo ndani."

"Ndine. Imeneyo sindikana. Nanga kukhalabe momwemo, n'zotheka?"

"Nyumba izi sasiyilana monga munda. Mkazi kapena mwamuna wa malemu akhoza kupitiliza, kapena munthu amene malemu anamulembetsa kuti akhala naye. A Miriam akanabwela nanu kudzakulembetsani, sembe lelo tikamba zina. Apa mufunika kupempha monga munthu watsopano, ndipo oyembekezela ni ambili."

Taizya anamulembera pempho, Jemima n'kusaina pang'onopang'ono, chifukwa sukulu analekera mu giredi folo. Pobwerera anayenda mofulumira, osapereka moni kwa anthu. Anali atamukwiyira Miriam. Munthu amene ankabwera muofesimu mwezi uliwonse, n'kukhala mpaka dzuwa kutentha akukamba za mitengo ya nsalu ndi maukwati a eni ake, analephera kunena mawu awiri okha akuti lembani uyu. Atafika kunyumba anakhala pansi n'kuyamba kumunena mokweza, ngati ali m'chipinda chinacho. Kenako analira, kulira kumene sanalire kwa Magodi.

Loweruka Bornwell anabwera ndi bambo ake, a Amock Thole, atapanga hayala kagalimoto kotsegula kumbuyo. A Amock anali nkhalamba yowonda, yoyenda ndi ndodo, imene moyo wake wonse inagula ndi kugulitsa ng'ombe. Jemima anaitana Rosemary wa khomo loyandikana, mayi wogulitsa makala, kuti akhale mboni. Katundu anamutulutsa pabwalo: bedi, matiresi, mipando itatu, wailesi, sutikesi ya zovala, mapoto ndi mbale. Makina anawatulutsa pomalizira, amuna awiri atawagwira uku ndi uku.

Jemima anagwada pang'ono pamaso pa a Amock, nanena zimene anamva ku ofesi.

"N'zoona zimenezi?" a Amock anafunsa mwana wawo.

"Anatero, adada."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

Bornwell anayang'ana kumbali. A Amock anayendetsa maso pa katundu yense. Mbuzi za Miriam zimene zinali kumudzi zinaphedwa pa maliro. Pa zonse zimene zinali pabwalopo, chinthu chokha chimene chikanalipira ngongole anali makina, ndipo Bornwell anali atawalonjeza kale kwa mkazi wake.

"Adada," anatero Jemima, "makinawo theka ndi anga. Tinagula tonse, ndi ndalama za mtedza wanga."

"Lisiti lili m'dzina la ankhazi," anatero Bornwell. "Ndaliona."

"Lisiti silinasende mtedza," anatero Rosemary. "Matumba aja anadzaza khonde ili, ine ndinkachita kulumpha popita kumpopi. Funsani mzere wonse."

Anakangana kwa kanthawi, Bornwell ndi Rosemary, mawu akukwera, anthu a m'mizere ina atayamba kusuzumira. A Amock sanalowererepo. Anapita pa makina, anapukusa gudumu ndi dzanja, anagwedeza miyendo yake, anasuzumira pansi monga amayang'anira mano a ng'ombe. Anafunsa Rosemary mtengo wa makina akale pamsika, anafunsa Bornwell kukula kwa ngongole, nawerengera m'mutu.

"Tikawatenga, tiyenda nawo pamsika tsiku lonse, matelala atinyenga, ndipo zimene tipeze tikasiya ku ofesi," anatero. "Chotsala sichigula ngakhale mbuzi. NyaNkhoma, kaya munaikapo mtedza kaya simunaikepo, ine kunalibe. Koma ngati makinawa mukuwafuna, tengani. Mutenge ndi ngongole yomwe. Wogula ng'ombe amatenga ndi nkhupakupa zake."

"Nanga ng'ombe yanga, adada?" anatero Bornwell.

"Ng'ombe imene ukuliralirayo inabadwira m'khola la yani?"

A Amock anatembenukira kwa Jemima kudikira yankho. Rosemary ankamutsina pamkono kuti akane.

"Ndavomera," anatero Jemima.

Anakweza bedi, matiresi, mipando, wailesi ndi sutikesi. Pa mapoto panavutanso pang'ono, mpaka Jemima analoza ake amene anagula yekha, ndipo anamusiyira. Galimoto itachoka, Rosemary anamutembenukira manja ali m'chiuno.

"Akupusitsani masana dzuwa likuswa mtengo! Mulipira ngongole yosakhala yanu kuti mugule chinthu chanu chomwe. Bwanji osapita kukhoti?"

Jemima ankadziwa kuti Rosemary sakunama. Koma anali ataziganizira kale. Kukhoti kukanafuna masiku, mboni ndi kuimirira pamaso pa anthu kutsutsana ndi abale a Miriam, ndipo nthawi yonseyo makina akanakhala ali kwa Magodi, akuchita dzimbiri kapena atagulitsidwa. Popanda makina analibe chogwira pa boma. Kwa Mwase kunalibe munda womudikira.

"Ndithandizeni kuwalowetsa," anatero. "Fumbi liwalowa."

Lolemba anakumana ndi Bornwell ku ofesi kuti pangano lilembedwe. Taizya analiwerenga mokweza, kenako anafunsa Jemima payekha.

"Amama, mwamvetsa kuti palibe akukakamizani? Mukasaina apa, nkhongole iyi ikhala yanu."

"Ndamvetsa, mama. Koma ndizipereka pang'onopang'ono."

"Zimenezo nidzakambilako ku komiti."

Komiti inakhala mu Okutobala, kukutentha, pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Jemima anaitanidwa kukaonekera. Anamufunsa zaka zake, kwawo, ndi ngati ali ndi ana. Amayi a mpingo anali atamulembera umboni, ndipo Rosemary, ngakhale sanaitanidwe, anabwera n'kulankhula mpaka wapampando anamupempha kuti akhale pansi. Chigamulo chinatuluka sabata yotsatira. Nyumba ya zipinda ziwiri sakanaisiyira munthu mmodzi pamene panali bambo wina woduka mwendo, wa mkazi ndi ana anayi, amene anadikira zaka zitatu akugona m'kachipinda kuseri kwa chigayo. Jemima anapatsidwa chipinda chimodzi mu mzere womalizira, chimene mwini wake anatengedwa ndi ana ake kupita ku Chipata. Pa miyezi imene anagona m'nyumba ya Miriam maliro atachitika, komiti inakhululuka mwezi woyamba, yotsalayo n'kuiphatikiza pa ngongole ija.

Jemima sanadandaule. Bambo woduka mwendoyo ankamudziwa, ankasoka nsapato pafupi ndi siteshoni ya mabasi, ndipo sakanatha kunena kuti iye ndiye woyenera nyumbayo kuposa ana anayi aja. Anasamuka ndi wilibala yobwereka, maulendo ochepa chabe. Anasesa nyumba, anazira pansi, napereka makiyi kwa Taizya. Chipinda chatsopanocho chinali kutali ndi mpopi, pafupi ndi zimbudzi, ndipo denga linkadontha pakona imodzi. Makina anawaika pakona inayo.

Nkhani yake inayenda m'mizere yonse. Anthu amene ankakhala ndi adzukulu, azilamu kapena anzawo anayamba kupita ku ofesi kukawalembetsa, moti Taizya anadandaula kuti sakupeza mpata wodya masana. Ena anapita kukangofunsa ngati ana awo adzagwidwe chifukwa cha ngongole zawo iwo akadzafa, ndipo atamva yankho, nkhalamba ina inati ndiye palibe chifukwa chothamangira kulipira. Taizya anachita kuikumbutsa kuti ikadali moyo.

Chotsala chinali kuphunzira makina, ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Anayamba ndi masaka akale, kuwang'amba n'kuwalumikizanso, mpaka phazi ndi manja zinayamba kumvana. Maso anali atayamba kufooka, ndipo kulowetsa ulusi m'singano kunkamutengera nthawi yaitali kufikira pamene anagula magalasi a pamsika. Mayunifolomu sanabwererenso; kolala inamukanika mpaka lero. Masana ankakazinga mtedza n'kumagulitsa pa geti la sukulu, ndipo ndalama imeneyo ndiyo inkapita ku ofesi, lendi ya chipinda chake poyamba, chotsala pa ngongole ya Miriam. Miyezi ina chotsala panalibe. Ngongoleyo inamutengera chaka ndi miyezi, ndipo tsiku limene anamaliza anagula kapenta ndi tomato, nadya ndi Rosemary, amene anamuuzanso kuti anapusitsidwa.

Chaka chachiwiri anapempha malo pakhonde la sitolo ina pamsika, n'kumasungitsa makina m'sitolomo usiku. Ankasoka zigamba, mazipi, ndi kupinda zitenje. Tsiku lina bambo wina wa njinga zonyamula anthu anabwera ndi kushoni ya pa kaliyala itang'ambika, siponji ili panja. Jemima anaikutira ndi nsalu ya tenti, nasoka kawirikawiri m'mphepete, chifukwa sankakhulupirira mzere wake woyamba. Kushoniyo inapirira dzinja lonse. Anzake a bamboyo anayamba kubwera mmodzimmodzi, ndipo lero njinga zambiri zimene zimaima pamsika wa Lundazi zili ndi makushoni ake. Mizere yake ikadali yokhota pang'ono, koma sithothoka.

Bornwell amabwera pa boma nthawi yogulitsa soya. Chaka choyamba ankadutsa kutsidya kwa msewu ngati sakumuona. A Amock atamwalira, Jemima anapita ku maliro ndi nkhuku, nabwerako tsiku lomwelo. Miyezi ingapo pambuyo pake Bornwell anaima pakhonde la sitolo atanyamula tenti yaikulu yofundikira chimanga, itang'ambika pakati.

"Monire, amama."

"Yewo, adada. Kunyumba ali uli?"

"Ali makora. Tentiyi ingatheke?"

Jemima anaitambasula, anayeza pong'ambikapo ndi dzanja, natchula mtengo. Bornwell anati wakwera. Jemima anati ulusi wa tenti ndi wodula, ndipo singano zimathyoka. Ananenerera kwa kanthawi, iye n'kutsitsako pang'ono monga amachitira ndi aliyense.

"Mubwere madzulo," anatero. "Pali makushoni awiri patsogolo panu."

Bornwell anasiya tenti napita kukagula feteleza, ndipo Jemima anavala magalasi ake nayamba kufunafuna singano yaikulu.